20V ya 1600 ku Zwartkops: mphamvu tiitenge kuti osaphwanya malamulo?

Wa Corolla Yoyera:
Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi Corolla ya injini ya 4A-GE 20V blacktop, ndipo chaka chamawa ndikufuna kulowa nayo mpikisano wa kilabu ku Zwartkops, track ya pafupi ndi Pretoria ku South Africa, class ya 1600. Pa dyno, makina oyezera mphamvu, yatulutsa 84 kW pa matayala. Pa track day ndinaona ndi maso anga kuti amene ndidzapikisane nawowo akutuluka pakona n'kundisiya kutali. Malamulo akuti injini isapose 1600cc, turbo, supercharger ndi nitrous ayi, block ndi head zikhale za injini yomweyo, stroke isasinthe, ma throttle akhale a kufakitale, dry sump ayi, petulo akhale wa pa filling station. Ma cam, kompyuta ya injini ndi ekizozi ali yense achite zake, koma phokoso amayeza. Ndalama si zambiri. Ndiyambire pati?

Mnyamata wa Gusheshe:
Gulitsani imeneyo mugule 325i, nkhani yatha 😂

Sipanala 10:
Aise, munthu akuti 1600 iwe ukubwera ndi 2.5. Uziyamba wawerenga.

Madala a ku Booysens:
Mphwanga, usanagule ngakhale bawuti imodzi, tumiza pano tsamba lonse la malamulowo, osati zimene wakumbukira pamtima. Pali zinthu ziwiri ndikufuna ndione. Choyamba, akunena chiyani za kuboola block. Injini yakoyo ili ndi bore ya 81 mm ndi stroke ya 77 mm, n'chifukwa chake imapereka 1587cc. Malo otsala kuti ufike 1600 ndi ochepa kwambiri. Ukapita ku engineering n'kunena kuti "boolani oversize", ambiri amaika ma pisitoni a 81.5 chifukwa ndi amene amapezeka msanga. Werengera wekha, 81.5 imakufikitsa pa 1607cc. Wadutsa ndi 7cc yokha, mphamvu yake sungaimve n'komwe, koma pa pepala wachoka mu class. Ya 81.25 imapereka 1597cc, imeneyo ili mkati. Ma class ena amalola oversize pang'ono pokonza injini yotha, ena salola. Chachiwiri, akunena chiyani za ma port a head.

Wa Corolla Yoyera:
Zikomo madala. Ndawerenganso. Za oversize sanalembe chilichonse, angoti 1600cc ndiye malire. Pa head alemba kuti kuchotsa chitsulo ndi kololedwa koma kuwonjezera, kaya ndi welding kaya epoxy, ndi koletsedwa. Ma valve akhale a saizi ya kufakitale. Kumapeto kwenikweni kuli mzere woti chilichonse chimene sichinaloledwe mwachindunji ndi choletsedwa.

Bambo a Tadala:
Mzere womalizawo ndiye lamulo lenileni, achimwene, enawo ndi ana ake. Ine ndinathandizako kwa oyendera magalimoto pa mipikisano ya kilabu. Anthu amabwera n'kumati "koma palibe pamene alemba kuti n'zoletsedwa". Yankho limakhala loti tisonyezeni pamene alemba kuti n'zololedwa. Ndipo dziwani kuti amene amakugwirani kawirikawiri si oyenderawo, ndi mnzanu amene mwamupitirira. Amalipira ndalama ya protest, galimoto imatsekeredwa, head imachotsedwa pomwepo kapena amaika seal kuti akayeze tsiku lina. Gasket yatsopano ndi ntchito yobwezeretsa mumaziona nokha nkhani ikakugwerani.

Musaganize kuti ochenjera sagwidwa. Mu 1995 gulu la Toyota Team Europe linagwidwa pa Rally Catalunya. Celica yawo inali ndi restrictor pa turbo monga lamulo linkafunira, koma anaikonza moti ikamangidwa pagalimoto inkasuntha pang'ono, mpweya n'kumadutsa m'mbali. Akaimasula kuti aiyeze, inkabwerera m'malo mwake. Anali mainjiniya a ndalama zambiri amenewo, komabe anawalanda mapointi a chaka chonse, Juha Kankkunen ndi Didier Auriol n'kutaya awo omwe, gululo n'kuletsedwa kupikisana kwa miyezi 12. Nanga inu ndi grinder yanu ya m'galaja?

Wa Corolla Yoyera:
Ayi bambo, ine za kuba sindikuzifuna. Ndikufuna ndikapambana ndigone tulo.

Nachisale:
Achimwene, 84 kW imeneyo ndi yokonzedwa ndi correction factor kapena ndi yeniyeni ya tsikulo? Funsani amene anakuyezerani, chifukwa anthu amakangana pa manambala a dyno ziwiri zosiyana pachabe. Toyota ya kuno inkati ma Corolla RSi ndi RXi, a injini yomweyi, amatulutsa 115 kW, koma imeneyo ndi ya pa flywheel, ndiponso ndi mpweya wa kunyanja. Kuno ku Gauteng tili pamtunda. Kunyanja mpweya umakankha ndi 101 kPa, kuno timapeza cha m'ma 83 mpaka 86. Injini yopanda turbo ilibe chopopera, imangodalira mpweya umene ulipowo kuti ulowe wokha pisitoni ikamatsika. Ndiye musanayambe n'komwe, 15 peresenti kapena kuposerapo yapita kale. Mukachotsanso zotayika mu gearbox ndi matayala, 84 yanuyo si nambala yochititsa manyazi. Injini yanu mwina ili bwinobwino.

Chotonthoza n'choti onse a mu class yanu akupuma mpweya womwewo.

Ine ndikanayamba ndi zotsika mtengo. Compression test ndi leak-down, yoyeza mpweya umene ukuthawa mu silinda, muone ngati ma silinda onse anayi akufanana. Kenako ma clearance a ma valve onse 20. Kenako ma throttle anayiwo aikidwe kuti azitseguka mofanana, ndipo muone ngati mukaponda pedulo mpaka pansi akutsegukadi mpaka kumapeto. Mungadabwe ndi magalimoto angati amene amafika pa dyno chingwe cha throttle chili cholendewera, kapena kapeti yapinda pansi pa pedulo.

Sipanala 10:
Kapeti 😂😂 mphamvu yaulere imeneyo.

Mnyamata wa Gusheshe:
Chabwino ndasiya za 325. Koma zoona zake, ikani paipi yaikulu ya 76 mm kuchoka ku injini mpaka kumbuyo, opanda silencer. Injini ipume. Ndipo filter ya cone pomwepo pa ma throttle.

Mlamu wa ku Parow:
Ayi mlamu, paipi yaikulu imapha galimoto. Injini imafuna back pressure kuti ikhale ndi mphamvu pansi.

Madala a ku Booysens:
Nonse awiri mwaphonya, aliyense mbali yake. Palibe injini imene imafuna back pressure. Chilichonse chokaniza utsi kutuluka ndi ntchito yowonjezera kwa pisitoni. Chimene injini imafuna ndi utsi wothamanga. Amene anathirirapo dimba ndi paipi akudziwa, ukapana kukamwa kwa paipi ndi chala madzi amafika patali, ukasiya amangogwera pamapazi. Utsi ukamatuluka mothamanga umasiya kumbuyo kwake malo opanda kanthu, ndipo pa kanthawi kamene valve ya ekizozi isanatsekeke ya inlet yayamba kale kutseguka, malo amenewo amakoka mpweya watsopano kulowa mu silinda. Paipi ikakula mopitirira, utsi umayenda mwaulesi, kukokako kumatha. Anthu akaona mphamvu yatsika amati ndi back pressure yasowa, pamene chasowa ndi liwiro. Pa 1600 yotere, 76 mm ndi yaikulu zedi. Cha m'ma 57 mpaka 63 ndi pamene ndimayambira ine.

Ntchito yeniyeni ili pa branch, mapaipi oyamba otulutsa utsi kuchoka ku head. Ya 4-1 imakonda ma rev apamwamba, ya 4-2-1 imadzaza pakati. Zwartkops ndi yaifupi, 2.4 km, makona ali pafupipafupi, ndipo mphwangayu wanena yekha kuti akumusiya potuluka pakona. Imeneyo ndi nkhani ya pakati. Ine ndikanaika 4-2-1.

Silencer usachotse. Ya straight-through yabwino sidya mphamvu yoti n'kudandaula nayo, ndipo ukalephera mayeso a phokoso ubwerera kunyumba usanaponde track.

Nachisale:
Za cone filter ndiwonjezere. Pansi pa boneti pamatentha, makamaka galimoto ikatsatira inzake pafupi. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti. Ndiye munthu amachotsa bokosi la kufakitale limene limatenga mpweya wozizirirako, n'kuika ma throttle poyera kuti amve phokoso lokoma lija, mphamvu n'kutsika. Pangani bokosi lalikulu lotseka bwino, paipi yake ikatenge mpweya kutsogolo kwa galimoto, osati kuseri kwa radiator.

Mkati mwa bokosimo muli ma trumpet, ndipo apa pali mphamvu imene ambiri saiona. Valve ikatsekeka mwadzidzidzi, mpweya umene unkathamangira mkati umagunda n'kubwerera ngati funde, kukafika kukamwa kwa trumpet n'kubwereranso. Likafika pa valve nthawi imene ikutsekukanso kapena isanatsekeke, limakankhira mpweya wowonjezera mu silinda. Trumpet yaitali imachita zimenezi pa ma rev otsikirapo, yaifupi pa ma rev okwera. Ma throttle lamulo lati akhale a kufakitale, koma funsani ngati ma trumpet akuwerengedwa mbali ya throttle kapena ya bokosi. Ngati ndi ololedwa, tengani autali wosiyana awiri kapena atatu pa dyno, muone mzere wa torque ukusuntha nokha.

Bambo a Tadala:
Funso limenelo mulitumize polemba kwa technical consultant wa class yanu, ndipo yankho lake mulisunge. "Anandiuza pakamwa" sizigwira ntchito tsiku la protest.

Wa Corolla Yoyera:
Ndamva. Nanga ma cam? Pali munthu akugulitsa a madigiri 304 motchipa. Akuti ndi ofanana ndi a magalimoto a mpikisano a Formula Atlantic, amene ankatulutsa 240 hp pa injini yomweyi.

Madala a ku Booysens:
Akugulitsa motchipa chifukwa anawaika pagalimoto yake n'kuona. Zoona, Formula Atlantic inagwiritsa ntchito 4A-GE kuyambira 1990 mpaka 2005, ndipo 240 hp inkatulukadi. Koma inali ya ma valve 16, inkazungulira cha m'ma 10,000 rpm, inali ndi dry sump, crank, ma conrod ndi ma pisitoni apadera, ndipo inkaphwasulidwa pafupipafupi. Galimoto yakenso inali yopepuka kwambiri, magiya ake oyandikana. Iwe uli ndi Corolla.

Cam yaitali imasiya valve ya inlet yotseguka pisitoni itayamba kale kukwera. Pa ma rev apamwamba mpweya umakhala ndi liwiro loti umalowabe ngakhale pisitoni ikubwera, ndiye silinda imadzaza kwambiri. Pa ma rev otsika pisitoni imangowubweza kunja. Ndiye ya 304 idzakupatsa nambala yokongola pa 8,500 kupita m'mwamba, koma potuluka pa kona yothina uli pa 5,000 idzakhala ikutsokomola anzako akupita. Pa track imeneyo ine sindingapose cha m'ma 270 mpaka 280.

Mlamu wa ku Parow:
Madala, pamenepo ndikutsutsani pang'ono mwaulemu. Mphamvu ndi torque kuchulukitsa ndi ma rev. Tengani 150 Nm. Pa 7,000 rpm ndi 110 kW. Mukaisunga 150 yomweyo mpaka 8,500 rpm mwapeza 133 kW. Pa injini yaing'ono yopanda turbo torque simungaikweze kwambiri, cc ndi imene imalamula, ndiye njira yotsala ndi ma rev basi. Class imeneyi ilibe rev limit. Bwanji osaika cam yaikulu, kenako final drive yaifupi kuti injini isamatsike pansi pa 6,500? Kuno ku Killarney, track ya ku Cape Town, anyamata amachita zimenezo ndipo pa back straight amaoneka.

Madala a ku Booysens:
Masamu ako ndi olondola mlamu, palibe chotsutsa. Koma Killarney ndi 3.2 km ndipo ili ndi straight yaitali, komanso uli kunyanja. Ndipo taona mtengo wake. Kulemera kumene conrod ndi mabawuti ake amanyamula kumakwera mowirikiza, osati pang'onopang'ono. Kuchoka pa 8,000 kufika pa 9,000 rpm kumawonjezera 27 peresenti. Ndiye pafunika mabawuti a conrod olimba, mwina ma conrod enieniwo, ma valve spring oti valve isamayandame, pampu ya oyilo yoti ipirire. Uwonjezepo final drive yako ija. Mnyamatayu wati ndalama si zambiri. Kuthamanga sikufika. Mapointi amapatsa amene wamaliza.

Mlamu wa ku Parow:
Pa za ndalama ndavomera. Koma final drive musaitaye, achimwene a Corolla, ngati malamulo akulola. Nthawi zina imachotsa masekondi kuposa cam.

Wa Corolla Yoyera:
Gearbox alemba kuti casing ikhale ya kufakitale, zam'kati mwaufulu. Yanga ndi ya magiya 5.

Mlamu wa ku Parow:
Ndiye funsani ngati ya magiya 6 ya RXi ikuwerengedwa ya kufakitale, popeza inabwera ndi injini yomweyo. Magiya ake ndi oyandikana, ma rev satsika kwambiri mukasintha. Ndipo LSD, diff yogawa mphamvu ku matayala onse awiri. Galimoto yokoka ndi kutsogolo ikamatuluka pakona tayala lam'kati limapepuka n'kumangozungulira. Mphamvu zonse tikukambiranazi zimathera pa utsi wa tayala limodzi.

Mnyamata wa Gusheshe:
Ndi chifukwa chake ine ndimati yokoka ndi kumbuyo 😎

Bambo a Tadala:
Iwe wa Gusheshe, ukudziwa chimene galimoto yakoyo inabadwira? BMW 325iS, Gusheshe imeneyo, inapangidwa chifukwa cha malamulo omwewa. Mu Group N ya kuno sunkaloledwa kusintha zambiri pa injini, galimoto inkayenera kukhala monga imagulitsidwira. Ndiye makampani anaona kuti njira ndi kugulitsa galimoto yosinthidwa kale. BMW inakweza injini kufika 2.7 lita, yoyamba 145 kW, yotsatira 155 kW. Opel inayankha ndi Kadett Superboss, 2 lita ya ma valve 16, ma cam a Schrick, LSD, 125 kW ndi 228 Nm. Taganiza, 114 Nm pa lita imodzi popanda turbo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo Superboss yokoka ndi kutsogolo yomweyo inkaivutitsa Gusheshe yako. Amenewo anawerenga buku la malamulo n'kupeza khomo lolowera, osadumpha mpanda.

Mnyamata wa Gusheshe:
Inkaivutitsa koma lero pa spinning mumaona Kadett? 😂

Sipanala 10:
Spinning si mpikisano wa liwiro aise, ndi maliro a matayala.

Admin:
Anyamata, za Gusheshe ndi Superboss tsegulani nkhani yake payokha. Pano tikuthandiza wa Corolla.

Madala a ku Booysens:
Tibwerere ku chitsulo. Pamene lamulo latseka zitseko zambiri, mphamvu imabisala mu kufananitsa zinthu. Fakitale imapanga injini zikwizikwi ndipo imalola kusiyana pang'ono pa chilichonse. Ntchito yathu ndi kuchotsa kusiyanako. Ma pisitoni anayi pa sikelo, onse afanane ndi wopepuka kwambiri. Ma conrod chimodzimodzi, mbali yaikulu payokha, yaing'ono payokha. Crank, flywheel ndi pressure plate zikabalansidwe limodzi. Ma chamber a head timayeza ndi burette ndi kagalasi koboola, kuthira madzi mpaka adzaze, kuti onse anayi akhale ndi cc imodzi. Chifukwa chake n'choti timing imaikidwa potengera silinda imene imayamba msanga pinking, kugogoda kwa mafuta ophulika molakwika kuja, ena amati knock. Imodzi ikakhala ndi compression yoposa zinzake, zitatu zotsalazo zimalangidwa chifukwa cha iyo.

Compression yokha nayi. Silinda imodzi imakoka 397cc. Pa 11:1 ya blacktop, malo otsala pisitoni ikafika pamwamba ndi pafupifupi 39.7cc. Gasket yopyapyala ndi theka la milimita imachotsa cha m'ma 2.6cc, ndipo wafika kale 11.7:1. Waona kuti n'zochepa bwanji zimene zimasintha nambala? N'chifukwa chake sitisikima head mongoganizira. Kuchoka pa 11 kufika pa 12 phindu lake ndi 2 kapena 3 peresenti, si zozizwitsa, koma limapezeka pa ma rev onse, ndipo cam yaitali imadya compression ya pansi, ndiye ziwirizi zimayendera limodzi.

Ukasikima head kapena kuika gasket yopyapyala, ma cam amayandikira crank, lamba amasuntha, timing ya cam imachedwa pang'ono. Pafunika ma vernier pulley ndi degree wheel. Ndipo injini isanatsekedwe, ika dongo loumbira la ana pamwamba pa pisitoni, manga head, zunguliza ndi dzanja kawiri, masula, dula dongolo uyeze. Ine pansi pa 2 mm pakati pa valve ndi pisitoni sindigona nazo. Pa 20V samala kwambiri chifukwa VVT imasuntha cam ya inlet ikagwira, ndiye uyeze cam ili mbali zonse ziwiri. Ambiri akaika cam yaikulu amangoichotsa VVT.

Za ma port, dzanja likhale lopepuka. Head imeneyi ili ndi ma valve atatu a inlet pa silinda iliyonse, ma port ake ndi aakulu kale pa 1600. Wokulitsa amaononga. Chimene chimalipira ndi ma seat odulidwa bwino ma angle atatu, ndi kusalaza pansi pa seat pomwe chitsulo cha fakitale chimasiya kamzere. Kumbuka lamulo lako lati kuwonjezera chitsulo ayi. Chimene wachotsa chapita.

Nachisale:
Madala anena zonse bwino, koma pa dongosolo lake ndisiyana nawo. Injini imeneyi sinafe. Ngati leak-down ili bwino, ine sindikanaitsegula chaka choyamba. Branch, bokosi la mpweya, kompyuta ndi tsiku lathunthu pa dyno, kenako ndalama yotsala ipite ku matayala, mabuleki ndi entry fee. Munthu amene sanapikisanepo amataya masekondi awiri ndi mapazi ake, pamene ife tikusaka theka la sekondi mu head.

Madala a ku Booysens:
Ndipo akaika kompyuta lero n'kutsegula injini chaka chamawa, alipira dyno kawiri.

Nachisale:
Alipira kawiri, eya. Koma akhala ataphunzira track, ndipo adzadziwa yekha ngati akufuna mphamvu pa 5,500 kapena pa 8,000. Panopa tikumusankhira ndife.

Madala a ku Booysens:
Hmm. Pamenepo pali nzeru, mwana wanga. Koma sump ndiye sindigonja. Asakwere track ndi matayala a semi-slick opanda baffle mu sump. Pa kona yaitali oyilo yense amathawira mbali imodzi, pickup imayamwa mpweya, ndipo pa 7,500 rpm ma bearing sadikira. Injini zambiri zimene zimandipeza zitanoka kuchokera ku track, nkhani yake ndi imeneyi, osati cam. Sump imamasulidwa injini ili pagalimoto, ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ndi oil cooler yomwe.

Nachisale:
Pa sump tagwirizana.

Wa Corolla Yoyera:
Achemwali a Nachisale, kompyuta yake iti? Ndipo pa dyno ndizikayang'ana chiyani kuti asangondipatsa pepala lokongola?

Nachisale:
Za kuno monga Dicktator kapena Spitronics anthu ambiri amaziika pa 20V ndipo odziwa kuzichuna ndi ochuluka. Sankhani imene wokuchunirani amaidziwa bwino, zimenezo ndi zofunika kuposa dzina la pabokosi. Onetsetsani kuti ikutha kuyatsa ndi kuzimitsa VVT pa ma rev amene mwasankha. Timathamangitsa kamodzi VVT ili yoyaka, kamodzi ili yozima, pamene mizere iwiriyo yadutsana ndi pamene timaika posinthira.

Mafuta timayang'ana lambda, muyeso wa kusakanikirana kwa mpweya ndi mafuta, ndi sensor ya wideband. Mphamvu yambiri imapezeka cha pa 0.85 mpaka 0.90, ndiye kuti pa petulo wamba 12.5 mpaka 13.2 ya mpweya pa gawo limodzi la mafuta. Pakati pamenepo kusiyana kwa mphamvu n'kochepa, ndiye khalani mbali ya mafuta ochulukirapo kuti injini izizizira. Pamene pali mphamvu yeniyeni ndi pa timing ya moto. Timawonjezera digiri imodzi kapena ziwiri, kuona torque, kuwonjezeranso. Pamafika poti mukuwonjezera koma torque siikukwera. Pamenepo imani, mubwerere pang'ono. Kupitirira apo mukungomenya ma pisitoni. Ndipo wochunayo akhale ndi chomvera knock m'makutu, chifukwa ndi phokoso la ma throttle anayi pinking simungaimve ndi khutu lokha.

Pepala la dyno musayang'ane nsonga yake. Onani ma rev amene mumatsikira mukasintha giya ndi amene mumasinthira, mzere wa pakati pamenepo ndiye galimoto yanu. Ndipo nthawi zonse dyno imodzi yomweyo.

Chinanso, mukadzaika cam yaikulu, vacuum imachepa ndipo ndi ma throttle anayi MAP sensor yoyeza vacuum imasokonezeka, ndiye timachuna potengera TPS, sensor yoona mmene throttle yatsegukira. Zikatero kompyuta siidziwa kuti mpweya wakunja wasintha pokhapokha ikhale ndi baro correction.

Mlamu wa ku Parow:
Imeneyo ilembedwe ndi zilembo zazikulu. Galimoto yochunidwa ku Gauteng ikabwera kuno ku Killarney imapeza mpweya wochuluka, mafuta n'kuchepa, compression ya 12:1 ija n'kukhala yeniyeni, timing imene inali bwino kumtunda n'kuyamba pinking. N'chifukwa chake petulo wa 93 amagulitsidwa kumtunda, kuno ndi 95. Mukadzafuna kubwera kuno achimwene, mudzayambe mwadutsa pa dyno ya kuno, kapena mukhale ndi map yachiwiri.

Sipanala 10:
Achemwali, funso langa la kuno ku Biwi. Ndili ndi 20V ya silvertop, mkulu wake wa blacktop, mu Corolla yakale, ya misewu basi koma ndimaiseweretsa. Petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, wa ku Dwangwa ndi Chikwawa uja, kusakanizaku kunayamba kalekale mu 1982. Manambala mwatchulawo agwira kwa ine?

Nachisale:
Lambda igwira, 0.85 mpaka 0.90 sisintha kaya mafuta ndi otani. Chosintha ndi kuchuluka kwa mafuta ofunika kuti mufike pamenepo. Petulo weniweni amapsa bwino pa 14.7, ethanol yekha pa 9, wosakaniza 10 peresenti cha pa 14.1. Ndiye map yochokera kuno ikafika kwanuko imakhala yochepa mafuta pang'ono. Ubwino wake ethanol amapirira knock ndipo amaziziritsa mpweya. Silvertop yanu ndi 10.5:1 ndipo Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndiye malo a timing muli nawo. Onani mapaipi a mafuta akalewo, ethanol sagwirizana ndi labala yakale.

Wa Corolla musatengeke nazo izi. Kuthira ethanol kapena octane booster mu thanki, pamene lamulo lati petulo wa pa pampu, ndi mlandu, ndipo mafuta amatha kutapa kukayeza.

Bambo a Tadala:
Amatapadi. Ndi sikelo yomwe, amayeza mpikisano ukatha, thanki itatsala pang'ono kuuma. Chotsani aircon, mipando, kapeti ija, zonse zimene lamulo likulola, koma musiye makilo angapo pamwamba pa malire. Mukapepuka mopitirira, ballast yomanga ndi mabawuti muiike pansi pamene mukufuna inu, imeneyonso ndi phindu.

Wa Corolla Yoyera:
Akuluakulu mwandithandiza kwambiri. Ndachita chonchi. Sabata ino leak-down ndi ma clearance. Ndalembera kale a class za ma trumpet ndi gearbox ya magiya 6. Ngati injini ili bwino sinditsegula chaka chino, ndipanga sump, cooler, branch ya 4-2-1, bokosi ndi kompyuta. Ma cam a 304 aja ndamuuza mwini wake asunge. Madala, leak-down ikaonetsa zingati ndiye kuti ndibweretse head kwanuko?

Madala a ku Booysens:
Yeza injini ili yotentha. Pansi pa 10 peresenti, onse anayi oyandikana, isiye. Imodzi ikatalikirana ndi zinzake, mvetsera kumene mpweya ukutulukira. Ku throttle ndi valve ya inlet, ku ekizozi ndi valve ya ekizozi, pa chivindikiro cha oyilo ndi ma ring, thovu mu radiator ndi gasket. Ukandiuza kumene wamva ndidzakuuza chobweretsa.

Sipanala 10:
Amene ali ndi ma cam a 304 uja ndipatseni nambala yake ku inbox 👀

Nachisale:
A Sipanala, mu Lilongwe ndi ma hump aja? Mudzazima pa roundabout iliyonse. Wa Corolla, tsiku la dyno mubwere thanki ili yodzaza ndi 95 wa pamene mudzagule tsiku la mpikisano, ma plug atsopano, ndi ma trumpet onse ngati a class avomera.